Fumbi Limene Ndinakana Kusansa

Ana anga, mutu uno ndauzengereza nthawi yaitali. Za maulendo ndi misonkhano ndalemba mosavuta, koma pano cholembera chikulemera. Funso lanu ndikulidziwa, ngakhale amene analimba mtima kundifunsa maso ndi maso ndi Chisomo yekha: n'chifukwa chiyani tinakulira kutsidya kwa mtsinje, kwa Mpasuka, pamene mpingo unatipatsa nyumba ya malata pa Songani, pafupi ndi sukulu? Ndiyankha monga ndikukumbukira. Pamene ndinalakwa ndinena kuti ndinalakwa, chifukwa pa msinkhu wangawu palibenso amene ndikufuna kumusangalatsa ndi bodza.

Zaka ziwiri zoyamba, kufupi ndi Naisi

Nditamaliza maphunziro a ulaliki ananditumiza ku kanthambi kena ka mpingo wathu kufupi ndi Naisi. Ndinali mnyamata wa magazi otentha, nditakwatira kale mayi anu, ndipo mavesi anali thoo m'mutu. Koma limene ndinkalikonda kuposa onse ndi la kumapeto kwa Mateyu, pamene Ambuye atauka akulamula ophunzira ake kuti apite kwa anthu a mitundu yonse, akawaphunzitse ndi kuwabatiza. Ndikayamba ulaliki ndi Nowa, ndinkathera pomwepo. Ndikayamba ndi Rute, ndinkathera pomwepo. Ngakhale pamaliro ndinkapeza kanjira kofikirapo. Amayi a mumpingo anafika pondipatsa dzina loti a Pitani, ndipo ine ndinkaliyesa ulemu, osadziwa kuti akundiseka.

Zosowa zinali zambiri, koma unyamata sumva kusowa. Baibulo pa nthambi yonse linali limodzi, langalo, ndipo linkayenda m'makomo ngati mtondo wobwereka. Mabuku a nyimbo anali atatu, masamba akutsogolo atathothoka, moti nyimbo zoyambirira tinkangoimba za pamtima. Mpingo unandipatsa njinga yakuda yokalamba. Chubu chikaphulika ndipo pomatira patatha, ndinkapakira sanza m'tayala n'kumapita choncho, mano akugundana njira yonse.

Bwana wanga woyamba anali Abusa Sambani, munthu wamfupi, wofatsa, wosakonda kukweza mawu. Akafuna kukudzudzula ankayamba wakuthirira tiyi. Tsiku lina atandimva ndikulalikira, anandiitana pakhonde pawo n'kunditsanulira kapu yodzaza, ndipo ndinadziwiratu kuti zavuta.

"A Mukhuna," anatero, "zaka ziwiri tsopano mukutiuza kuti tipite kwa mitundu yonse. Ife takumvani. Nanga inuyo mupita liti?"

"Ndili wokonzeka, abusa. Ngakhale kunja kwa dziko."

"Ayi, ndege tilibe. Mitundu ina ili pompano, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Kwa Mpasuka kuli mabanja asanu achikhristu, ena onse ndi Asilamu. Akhala akupempha mlaliki, koma aliyense amene ndamutchulira amadwala mwadzidzidzi. Inu thanzi muli nalo?"

Ndinavomera tiyi asanazizire. Potsanzikana anandiuza kuti ndikawerenge Luka mutu wa khumi, pamene Ambuye akutuma ophunzira awiriawiri. Ndinati ndimaudziwa kale. Iwo anangomwetulira n'kuti, "Kuudziwa n'kwabwino. Mukauwerenge."

Chaka choyamba kwa Mpasuka

Tinasamuka mvula itatha, Chisomo ali ndi zaka ziwiri. Mlatho kunalibe. Katundu tinawolotsa pamutu, madzi akulekeza m'mawondo, ndipo anthu anatiuza kuti amenewo ndi madzi a chilimwe, a dzinja tidzawaona. Mabanja asanu aja anali a Chilomwe ngati ife, makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale. Anali ataumba kale zipupa za kachisi, koma denga linawakanika chifukwa amuna amphamvu anali ochepa.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya Che Bwanali, telala wa Chiyao, Msilamu wosaphonya swala, mapemphero awo a tsiku ndi tsiku, wamtali, wokonda nthabwala. Makina ake ankalira pakhonde kuyambira m'mawa. Ndi iyeyo amene anabwera yekha kudzandiuza kuti, "Che Mlaliki, mutu umodzi susenza denga. Tchulani tsiku, anthu ndibwera nawo." Ndinadabwa, koma mumtima ndinati ndi Mulungu amene wayamba kale kuwafewetsa. Tsikulo amuna oposa makumi awiri anabwera ndi nsungwi, mitengo, luzi ndi mitolo ya udzu, ambiri atavala zisoti zawo zachisilamu.

Mwambo wake mukuudziwa: anthu akakugwirira ntchito yotere umawadyetsa. Ndinagula mbuzi yonona, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinanola mpeni kuseri kwa nyumba. Mayi anu, amene anakulira pakati pa Ayao, anandipeza nditaigwira kale miyendo.

"Bambo a Chisomo, mbuziyo mwaitana ndani kuti azinge?"

"Manja ndilibe kodi?"

"Muli nawo. Koma alendo anuwo sadya nyama yozinga inu. Itanani Che Bwanali, sizitenga nthawi."

Ndinapsa mtima. Ndinati mbuzi ya Mkhristu, yogulidwa ndi Mkhristu, yodyera nyumba ya Khristu, singadikire pemphero la munthu wa chipembedzo china. Ndinaonjezera mavesi awiri kapena atatu pamwamba. Mayi anu anangopita kukaonjezera nandolo mumphika wina, ndipo ine ndinazinga mbuzi yanga.

Dzuwa litapendeka denga linatha, lokongola, udzu atausalaza bwinobwino. Amuna anatsika, anasamba m'manja, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Mbale zitafika, Che Bwanali anandikodola n'kundinong'oneza, "Che Mlaliki, yazingidwa ndi ndani?" Ndinayankha mokweza kuti ndi ine. Anagwedeza mutu, osakwiya, n'kulankhula mawu ochepa m'Chiyao kwa anzake. Anadya mpunga ndi nandolo, anathokoza mwaulemu, n'kumapita. Nyama inatsala yonse. Mabanja asanu aja anaidya masiku atatu, ina tinachita kuwamba.

Manyazi amene ndinamva anasanduka ukali. Lamulungu lotsatira, ulaliki woyamba pansi pa denga latsopano, ndinatsegula Luka uja, koma ndinalumphira pamene pakuti mudzi ukakana kukulandirani, musanse fumbi la kumapazi anu likhale umboni wowatsutsa. Ndinalalikira mpaka thukuta. Pobwerera kunyumba mayi anu anayenda patsogolo osacheuka, ndipo titalowa anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Anthu akusenzerani denga tsiku lonse, padzuwa, popanda malipiro, nyumba yosapempheramo iwo. Inu mwawapatsa chakudya choti sangadye, ndiye mukuti akukanani? Safunsa anadya phula, koma inu ndiye munachita kuuzidwa."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Koma kudziwa ndi kuvomera ndi midzi iwiri yotalikirana, ndipo ine ulendo wake unanditengera zaka zitatu.

Chaka chachinayi

Zaka zitatu zimenezo ndinkalalikira kwa mabanja asanu omwewo. M'makomo mwa Asilamu ndinkafika, koma ndinkaima pabwalo, Baibulo kukhwapa, n'kulankhula ngati wailesi. Akanditulutsira chakudya ndinkati ndadya kale. Akandipatsa nkhuku yophika ndinkati m'mimba simuli bwino. Ndinkaopa kuti ndikadya ndiye kuti ndagonja. Iwo sanaleke kundipatsa moni, koma mawu anga ankangowadutsa pamwamba.

Kenako mkazi wa Che Bwanali, Abiti Saidi, anadwala nthawi yaitali n'kumwalira. Mayi anu ndi amene ankamusambitsa ndi kumuphikira phala miyezi yomalizayo, osandipempha chilolezo. Patapita masabata angapo banjalo linakonza sadaka, chakudya chimene Asilamu amaphika pokumbukira womwalira, ndipo Che Bwanali anabwera yekha kudzandiitana. Anali ataonda, nthabwala zitamuthera. Anati, "Ndikudziwa kuti simudya kwathu. Koma bwerani mudzangokhala, kuti ndikatukula maso ndione mnansi wanga."

Mawu akuti simudya kwathu anandilasa. Ndinkayesa kuti mabodza anga a m'mimba ankawakhulupirira. Masana amenewo ndinakhala pansi pa mango uja kukonza ulaliki, ndipo sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinatsegula Luka mutu wa khumi n'kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, monga anandiuzira Abusa Sambani. Ndinapeza kuti Ambuye potuma anthu ake anaika zinthu m'ndondomeko. Choyamba, mukalowa m'nyumba mupereke mtendere. Chachiwiri, mukhale m'nyumba momwemo, osasinthasintha. Chachitatu, mudye ndi kumwa zimene akupatsani, ndipo zimenezi anazinena kawiri, ngati ankadziwa kuti kudzabadwa anthu ouma mutu ngati ine. Kenako muchize odwala awo. Mukatero m'pamene muwauze kuti ufumu wa Mulungu wayandikira. Za fumbi zili kumapeto kwenikweni, ndipo ndi za mudzi umene wakana kukulandirani. Ine ndinayambira kumchira. Ndinasansa fumbi pa anthu amene anandilandira, pamene wokana kulandira ndinali ineyo.

Ndinapita ku sadaka. Pamene shehe ankatsogolera mapemphero awo ndinakhala kumbuyo, ndikupemphera chamumtima kwa Ambuye wanga kuti atonthoze mnansi wanga. Mbale itabwera ndinasamba m'manja n'kupisa pamodzi ndi amuna anayi. Anthu pabwalo anandiyang'ana, kenako anapitiriza kudya ngati palibe chachitika. Pochoka, Che Bwanali anandiperekeza mpaka pampanda n'kuti, "Che Mlaliki, katundu wanu anafika kalekale. Inuyo mwafika lero."

Kuyambira pamenepo nkhuku iliyonse ya pakhomo pathu inkazingidwa ndi Che Bwanali, ndipo inu nonse munakula mukudziwa kuthamangira kwawo nkhuku ili kukhwapa. Njinga ya mpingo inasanduka ambulansi ya mudzi wonse. Amayi apakati, ana a malungo, okalamba, ndinawakankha pa njingayo kuwoloka nawo mtsinje mpaka kuchipatala, osafunsa kuti amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu. Ndinayambitsa kalasi yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndipo buku lowerengera linali Baibulo, chifukwa lina kunalibe. Ndinkawauziratu zimenezo, ndipo ankabwerabe.

Musaganize kuti ndinabisa uthenga. Madzulo ambiri ndinkakhala pakhonde pa Che Bwanali, iye akusoka, ine ndikumuswera mtedza, tikukangana. Ine ndinkati Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anafera machimo athu ndipo anauka. Iye ankati Mulungu sabala ndipo sanabadwe. Tinkakweza mawu mpaka nkhuku kuthawa. Pamapeto pake ankati, "Basi, Che Mlaliki, tikaona komweko. Imani ndikuyeseni, thalauza lanuli likuchititsa manyazi mpingo." Obatizidwa kuchokera m'mabanja achisilamu zaka zimenezo sanakwane zala za dzanja limodzi. Koma kwa nthawi yoyamba anthu ankandimvetsera mpaka ndimalize kulankhula.

Chaka cha khumi

Abusa Sambani anapuma pantchito, ndipo m'malo mwawo munabwera Abusa Mlenga, munthu wophunzira, wachangu, wokonda zinthu zooneka. Sindikufuna kuti muwaganizire zoipa. Anali ndi nthambi zambiri, alaliki ochepa, ndipo pa Songani anthu anali kuchuluka chaka ndi chaka popanda wowayang'anira. Mkulu wina wa mpingo anali atawauzanso kuti mlaliki wa kwa Mpasuka amadya sadaka ndipo nkhuku zake amazingitsa kwa Asilamu. Anandiitana ku tchalitchi chachikulu, tinakhala awiri m'kachipinda kovalira.

"A Mukhuna, za sadakazo sindikuimbani nazo mlandu. Paulo yemwe anati wosakhulupirira akakuitanani mudye osafunsafunsa. Koma lamulo la Ambuye ndi lakuti tiphunzitse ndi kubatiza. Zaka khumi, mwabatizitsa angati?"

Ndinatchula. Sizinatenge nthawi.

"Mwaona? Munda umenewo ndi wa miyala. Ambuye sanatiuze kuti tifere pamalo amodzi. Anati kumene sakulandira mawu, sansani fumbi mupite kwina. Nthambi ya kwa Mpasuka tiitseka, Akhristu akumeneko aziwoloka kudzapemphera kuno. Inu mupite pa Songani. Nyumba ya malata ilipo, sukulu ili pafupi, ndipo dzina lanu ndilipereka kuti mukaphunzire za ubusa. Ndamvanso kuti muli ndi mwana wamkazi wanzeru kwambiri."

Pamenepo anandigwira pamtima. Chisomo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali sitandade sikisi. Sukulu inali tsidya linalo la mtsinje, ulendo wa maola awiri. Chilimwe ankatsogola m'kalasi, aphunzitsi ake ankachita kundiimika panjira kumutama. Koma mvula ikayamba, Domasi akadzaza, ankajomba masabata athunthu, ndipo masiku ena ankawoloka madzi ali m'chifuwa, makope atawasenza pamutu. Inu anyamata awiri, Yohane ndi Madalitso, munali tiana tating'ono, musanayambe sukulu. Abusa anandipatsa sabata imodzi kuti ndikalongedze.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanaiganize bwino, chifukwa ndinaiulula ndekha pa chakudya. Chisomo anadumpha ndi chimwemwe. M'mawa mwake anali atamanga kale zovala zake m'chitenje n'kuika kamtoloko pakhomo pa chipinda. Ankauza anzake onse kuti akupita kukakhala pamsewu, kumene sukulu umaimva belu uli pamphasa.

Ine sabata imeneyo ndinayenda m'mudzi ngati wodwala. Ndinaona agogo awiri a mumpingo amene sakanatha kuwoloka mtsinje ngakhale chilimwe. Ndinaona a kalasi yowerenga. Ndinaona mayi wina wa banja lachisilamu amene anali atangoyamba kumene kalasi ya ubatizo, abale ake akumunena, ndipo iye ankati akulimba chifukwa ife tili pafupi. Che Bwanali anamva nkhaniyo koma sanandiletse. Anangoti, "Ngati akukwezani, pitani. Walira mvula walira matope, ife tizolowera." Analankhula osatukula maso pa makina.

Mayi anu ndinawafunsa kamodzi kokha. Anati, "Wotumidwa ndinu, bambo a Chisomo, ndipo kumene mukhale ine ndikhala. Koma mwanayu mumuganizire." Ndinati ndamva. Kumuganizira ndinamuganiziradi, usana ndi usiku. Chimene sindinachite ndi kumukhazika pansi n'kumufunsa. M'masiku amenewo bambo sankafunsa mwana, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa mwambo umenewo chifukwa yankho lake ndinkalidziwa, ndipo ndinkaliopa.

Sabata itatha ndinapalasa kubwerera kwa Abusa Mlenga. Anandilandira mosangalala, akuyesa ndabwera kudzatenga makiyi.

"Abusa, ndabwera kudzapempha kuti nthambi musatseke. Ine ndikhala."

Anavula magalasi. "Mukukana kutumidwa?"

"Ayi, abusa. Ndikukana kusansa fumbi. Ambuye anati fumbi ndi umboni wotsutsa mudzi umene sunakulandire. Anthu aja anandilandira. Anafolera kachisi wathu, ndadya m'mbale zawo, ana anga akula m'manja mwawo. Ambiri sanakhulupirire, n'zoona, koma sanandipirikitse ndipo akumvabe. Ndikasansa fumbi pa iwo ndiye kuti ndachita umboni wonama."

"Nanga anthu a pa Songani? Iwo alibe miyoyo? Adzamva bwanji popanda wolalikira?"

"Pa Songani aliyense avomera kupita, abusa. Mukangotchula nyumba ya malata palibe adwale. Kwa Mpasuka ndikachoka ine sikudzapitanso munthu."

Anagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako anati, "Sindikugwirizana nanu, koma sindingakukakamizeni kuchimwira chikumbumtima chanu. Khalani. Komatu mudziwe: malo a kusukulu ya ubusa apita kwa amene apite pa Songani. Njinganso ipita komweko, ina ndilibe." Tinapemphera limodzi, ndipo m'pemphero lawo anatchula Chisomo ndi dzina. Ine m'pemphero langa sindinathe kumutchula.

Ndinabwerera wapansi. Ndikuyandikira nyumba, Chisomo anandithamangira monga ankachitira masiku onse kuti adzalandire njinga. Ataona kuti ndilibe anaima. Anandiyang'ana kumaso, ndipo sindinafunikenso kunena kanthu. Analowa m'nyumba, anamasula kamtolo kake, n'kubwezera zovala pa chingwe chimodzichimodzi. Sanalire pamaso panga, ndipo ine ndinadzinamiza kuti wamvetsa.

Zaka zotsatira

Chisomo analemba mayeso a sitandade eyiti katatu. Katatu konse anakhoza, koma osafika poti n'kusankhidwa kupita kusekondale, chifukwa chaka chilichonse mtsinje unkamudyera teremu yathunthu. Kachitatuko anabwera ndi zotsatira, anazisiya patebulo, n'kutenga khasu kupita kudimba la mpunga. Patangopita zaka ziwiri boma linamanga sukulu tsidya lathu, kenako mlatho. Inu anyamata munaphunzira osanyowa ngakhale chidendene, ndipo lero muli pantchito ku Blantyre. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha inu. Koma dziwani kuti mlongo wanu anali ndi mutu kuposa nonse awiri, ndipo inunso mukudziwa.

Zoyamika ndili nazo zambiri, sindingazimalize. Mayi wa kalasi ya ubatizo uja anabatizidwa, ndipo ana ake ndi amene akutsogolera kwaya lero. Kachisi wa udzu anasanduka wa njerwa zootcha. Sanadzadzepo ngati wa pa Songani, koma sanatsekedwepo ngakhale Lamulungu limodzi. Abusa Mlenga ankawoloka okha mtsinje kudzapereka mgonero, thalauza atapinda, ndipo ulendo wina anadya kwa Che Bwanali n'kupempha kuti awaonjezere. Asanasamuke anandipezera njinga ina. Ineyo ndinapuma ndili mlaliki, kolala yaubusa sindinaivalepo, ndipo sindidandaula. Che Bwanali anamwalira ali Msilamu, monga anakhalira. Masiku ake omaliza abale ake anandipatsa malo pambali pa mphasa yake, ndinamugwira dzanja, ndipo anandilola kumupempherera m'dzina la Yesu. Zimene zinali mumtima mwake akudziwa ndi Mulungu. Ine ndinatumidwa kufesa, osati kuweruza. Mayi anu atatisiya, amene anachezera nafe ndi kutiphikira anali mudzi wonse, a zisoti ndi opanda zisoti.

Koma pali mawu amodzi amene anakhala ngati munga m'phazi. Chisomo atakula, ali ndi ana akeake, tsiku lina anandimva ndikufotokozera alendo nkhani ya fumbi ija, ndikudzitama pang'ono monga timachitira okalamba. Alendo atapita anandifunsa funso lija la Songani. Ndinayamba kumuyalira mavesi. Anandidikira mpaka ndimalize, kenako anati, "Ababa, zonsezo n'zoona. Yesu anatuma inu. Koma amene ankawoloka Domasi ndi ine." Ndinachita zimene amachita amuna akasowa chonena: ndinatenga ndodo yanga n'kupita kukayendera odwala.

Chaka chino

Tsopano miyendo yatupa, matenda a shuga andigwira, ndipo inu anyamata mwagwirizana kuti ndikakhale nanu ku Blantyre, pafupi ndi madokotala. Mwachita bwino, ndakunyadirani. Munandiimbira foni kuti ndisankhe mwezi usanathe. Ndinatsala pang'ono kuyankha pomwepo kuti sindichoka, monga mwa khalidwe langa. Koma ndinazindikira kuti ndikakhala, wondiphikira, wondichapira ndi wondiperekeza kuchipatala ndi Chisomo. Ndikapita, iye amasuka, ndipo akhoza kukatsegula kagolosale ka mpunga kamene wakhala akukalota pa Songani. Ndinaona kuti ndatsala pang'ono kumusankhira kachiwiri.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba masana, akupeta mpunga wopita nawo kumsika. Imvi zayamba kumutuluka m'mbali mwa duku. Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi.

"Chisomo, alongo ako akufuna ndipite ku Blantyre."

"Ndamva, ababa. Anandiimbira."

"Kalero sindinakufunse. Lero ndikukufunsa. Ndipite kapena ndikhale? Chimene unene ndichita."

Lichero linaima m'manja mwake.

"Mukufunsa zenizeni?"

"Zenizeni."

"Mayi amene mukumuona panoyu akuti mukhale. Amayi agona pano. Mukadwala kuno mudzi wonse ubwera, kutauniko mukangokhala mumpanda ngati nkhuku yachizungu. Ndiponso anthu awa ndi anga tsopano, sindingawasiye. Golosale ndikatsegulabe, mlatho ulipo, ndizipita m'mawa n'kubwera madzulo." Kenako anapitiriza, "Koma funso limeneli mwini wake si ine, ababa. Mwini wake ndi mwana uja wa zaka khumi ndi ziwiri. Iye akanati tipite. Analira sabata yathunthu kuseri kwa nkhokwe, inu simunamuone."

Ana anga, ndalalikira zaka zoposa makumi anayi. Ndaima pamaso pa abusa, mashehe ndi mafumu osanjenjemera. Koma pamaso pa mwana wanga mawu anandikanika mpaka kachitatu. Ndimakhulupirirabe kuti kukhala kwa Mpasuka kunali kumvera Ambuye, ndipo nditabwerera ndikanakhalabe. Koma mtengo wake analipira ndi mwana amene sindinamufunse, sindinamutonthoze, ndipo sindinamuthokoze. Ndinavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Pepa, mwana wanga. Ndinakulakwira. Ndipo zikomo."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kamodzi, kawiri. Kenako anakankhira thumba kumapazi anga.

"Ndamva, ababa. Gwirani thumbali, mpunga ukutayika."

Ndinagwira kukamwa kwa thumba ndi manja awiri, iye n'kumathira.